Chikole M'kabati ya Galasi

Uthenga wa David unamupeza Ndaona pamaliro a azakhali ake ku Chifubu, mumzinda wa Ndola, Lachisanu masana, anthu akungofika kumene kuchokera kumanda. Unali waufupi: "Yankho lako naliona. Zikomo. Sinizakuvutitsanso."

Anauwerenga katatu ataima kuseri kwa tenti. Anaimba, foni ya David inali yozimitsa. Anaimbanso dzuwa likupendeka, chimodzimodzi. Chimene chinamuzunguza mutu n'chakuti iye anali asanapereke yankho lililonse.

David Sakala anali kalipentala wa ku Bulangililo. Anabwera miyezi isanu ndi iwiri yapitayo kudzakonza mawindo a Nyumba Yofiira ku Nkana West, mumzinda wa Kitwe, nyumba yakale ya bwana wina wa mgodi imene anthu a m'deralo anaisandutsa mosungira zinthu za makolo, ndipo Ndaona ndiye ankasunga makiyi ake. Mawindowo anatha m'milungu itatu, koma mnyamatayo sanasowe china chokonza. Lero chitseko chikulira, mawa benchi ya amayi osoka pakhonde ikugwedera, mkuja bolodi la nsolo la madoda opuma ntchito lang'aluka. Nyumba ija inadwaladwala kwambiri chaka chimenecho, ndipo amayi osoka aja ankalidziwa bwino dzina la matendawo.

Tsiku limene anamufunsira, pansi pa mtengo wa mango wa kuseri, Ndaona anangoti, "Ndipatse nthawi." Kumukonda ankamukonda, tisabise, koma ankaopa bambo ake. David sanakakamize.

"Ine sindine wa mawu ambiri," anatero. "Nizakubweretsera chikole. Ukachivala, nizadziwa. Ukapanda kuchifuna, unibwezere mwakachetechete, palibe azamva."

Chikolecho Ndaona anali asanachione ndi maso ake.

*

Loweruka m'mawa ananyamuka ku Ndola awiriwiri ndi bambo ake, mayi atatsalira kusiwa. Linali Tsiku la Zikumbutso ku Nyumba Yofiira, ndipo Bambo Edson Kamwendo, wapampando wa komiti ya nyumbayo, anali asanajombepo tsiku limeneli chiyambire. Bambowo anayendetsa galimoto mtunda wautali.

"Dzulo foni sinachoke m'manja mwako," anatero pamapeto pake, maso ali pamsewu. "Pamaliro."

"Pepani, ababa."

"Ndi kalipentala uja?"

Ndaona anayang'ana pawindo. Malole onyamula kopa, mkuwa wa kumigodi, ankadutsana nawo, olemera, oyenda pang'onopang'ono.

"Ndilibe naye mlandu mnyamata ameneyo," anapitiriza bambowo. "Manja ake ndi abwino, ulemu ali nawo. Koma iye ndi wa Mboni za Yehova, iwe ndiwe mwana wa tchalitchi chimene agogo ako anachisenzera njerwa pamutu atangofika kuchokera ku Nyasalande. Ukwati wanu adzadalitsa ndani? Ana anu adzapemphera kuti? Ine ndikadzafa, mwamuna wako adzalowa m'tchalitchi kudzanyamula bokosi langa, kapena adzaima kunja kwa mpanda ngati munthu wodutsa?"

"Ababa, musanene za imfa. Taika maliro dzulo lomweli."

"N'chifukwa chake ndikunena. Dzulo wawona yemwe anali nafe kumanda. Roy wa a Chirambo anasiya ntchito yake n'kubwera kudzafotsera azakhali ako. Mnyamata ameneyo akudikira mawu ako. Mapanga awiri avumbwitsa, mwana wanga."

Sanakalipe. Bambo Kamwendo sankakalipa, ndipo n'chimene chinkawachititsa kukhala ovuta kuwatsutsa. Ndaona anangofinya foni ija m'manja mpaka analowa mu Kitwe.

*

Pabwalo la Nyumba Yofiira panali kale piringupiringu. Achinyamata a kwaya ankaimika tenti, amayi osoka ankayala nsalu zawo pakhonde, madoda a nsolo atavala majekete awo a paukwati ankakangana za woyenera kukhala kutsogolo. Mabenchi anali atandandalikidwa kale, okhomedwa bwinobwino, koma mwini ntchitoyo sankaoneka.

Nyumbayi inali ndi kachitidwe kake. Polowera panali tebulo lalitali loyalidwa nsalu yobiriwira, ndipo mwezi wonse wa Zikumbutso mabanja ankasiyapo zinthu za makolo awo: zipewa za mumgodi, nyale, ziphaso zakale, simbi zamakala, zithunzi zothimbirira. Chinthu chikaikidwa patebulopo chinkamangiriridwa nambala, n'kulemberedwa khadi lofotokoza mwini wake, n'kutsekeredwa m'kabati ya galasi. Chikangolandira nambala, basi, chinali cha nyumbayo mpaka kalekale. Lamuloli analikhazikitsa ndi Bambo Kamwendo eni ake, chaka chimene nyale ina inabwerekedwa osabwereranso, ndipo linali ndi mchira wake: wosunga makiyi akatulutsa chinthu cha nambala, atule pansi makiyiwo tsiku lomwelo.

Gwen, mnzake wa pantchito amene anamusiyira makiyi popita kumaliro, anamubwezera pakhomo osamuyang'ana kumaso. Ndaona sanalabadire. Analowa kukayendera makabati monga mwa masiku onse, akupukuta magalasi ndi kansalu.

Atafika pa kabati ya zinthu zatsopano, dzanja lake linaima. Pakati pa lumo lakale ndi buku la nyimbo panali chibangili cha kopa, chopotedwa ndi manja, chosalala mkati chifukwa chovalidwa zaka zambiri. Chinali ndi kapepala komangidwa ndi ulusi: 214. Khadi lake linkati, "Chibangili cha malemu Zipporah. Wopereka: David Sakala. Wolandira m'malo mwa nyumba: Ndaona Kamwendo."

Siginecha inali yake. Lachitatu, pothamangira kumaliro, anasainiratu makhadi khumi opanda kanthu kuti ntchito isaime.

Tsopano anamvetsa. David anabwera dzulo kudzandandalika mabenchi, n'kupeza chikole chake chili m'galasi pamodzi ndi zinthu za anthu akufa, dzina la mtsikana amene ankamufuna lili pansi pake. Anapempha kuti akakanidwa akanidwe mwakachetechete, ndipo m'malo mwake anaikidwa poti Kitwe yense adzaone.

*

Ndaona anamupeza Gwen m'khitchini yakale akutsuka makapu a alendo.

"Gwen, chibangili chija chinabwera bwanji?"

"Chinali pa tebulo," anayankha Gwen osatembenuka. "Ba David anachisiya pa Chinayi, chomanga mu kansalu. Ine nachita chabe nchito yanga, mwandi. Chilichonse cha pa tebulo chimalowa mu galasi. Si ndiwe unaniphunzitsa?"

"Panalibe kalata?"

"Awe."

"Ndiye dzina la agogo ake unalidziwa bwanji?"

Madzi a pampopi anapitiriza kutsika, koma manja a Gwen anasiya kutsuka. Patapita kanthawi anawapukutira pachitenje, anapisa m'chikwama chake, n'kuponya kapepala kokwinyika patebulo. Ndaona anakatambasula. Zilembo zake zinali zazikuluzikulu, za pensulo yolembera pamatabwa.

"Ndaona, ichi chinali cha ambuya anga a Zipporah. Nilibe china choposa ichi. Nasiya pano chifukwa ndiye pamene umayambira kuyang'ana m'mawa uliwonse."

Misozi inamulengeza. Munthu ameneyu ankadziwa ngakhale pamene maso ake amayambira kugwera akalowa m'nyumbamo, koma sanadziwe kuti tsiku limenelo iye anali ku Ndola.

"Unawerenga, Gwen. Unadziwa."

"Ninawerenga, ee." Gwen tsopano anatembenuka, maso ali psuu. "Iwe uli na Roy, uli na atate a galimoto, uli na makiyi. Miyezi seveni munthu azungulira pano na hamala yake, iwe 'nipatse nthawi, nipatse nthawi.' Uganiza ise ena tilibe mtima? Ine sembe anafunsa ine, sembe ninayankha tsiku lomwelo, pamaso pa aliyense."

Mawuwo anamulasa Ndaona, chifukwa mbali ina anali oona.

"Manje vinthu vili mu pulogalamu kale," anawonjezera Gwen, mawu atatsika. "Atate ako ali nayo mu manja. Na banja la ba David ninaitana, monga timachitira na onse opereka."

Ndaona sanamve bwino mawu omalizawo. Anali atatuluka kale.

*

Anabwerera pa kabati ija. M'chipindamo munalibe munthu. Kiyi anali m'manja mwake, ndipo kutsegula ndi kutseka sikukanamutengera nthawi yoposa kuphethira. Koma akatulutsa, achiika kuti? M'thumba, kuti akabweze mwakachetechete? Mtima unakana. Padzanja, kuti bambo ake achione? Mantha anamuletsa.

Anaima pamenepo mpaka anamva nsapato za bambo ake pasimenti yofiira ija.

"Zonse zili m'malo?" anafunsa Bambo Kamwendo. Anawerama n'kuwerenga makhadi limodzi ndi limodzi. Atafika pa 214 anachedwapo pang'ono. "Wapereka cha agogo ake. Wachita bwino mnyamatayo. Itana achinyamata anyamule kabatiyi, ikakhale pakhonde."

"Chabwino, ababa," anatero Ndaona, ndipo anadzida yekha chifukwa cha kufewa kwa mawu akewo.

*

Mwambo unayamba ndi pemphero ndi nyimbo ziwiri. Kenako Bambo Kamwendo anaima pambali pa kabati, pulogalamu ili m'manja, n'kuyamba kuitana manambala. Chaka ndi chaka wopereka aliyense ankaimirira n'kuyankha mafunso awiri: chinali cha ndani, ndipo wachiperekeranji.

Mayi Tryness anafotokoza za chipewa cha amuna awo, chimene chinatuluka mumgodi chokha tsiku limene mwala unagwa. Anthu anausa moyo. Mdala wina anafotokoza za lumo lija motalikitsa mpaka anzake a nsolo anamukoka jekete. Ndaona anaima kumbuyo kwa kabati, makiyi akulendewera pakhosi pake, maso akusakasaka m'gulu.

Anamuona kumapeto kwenikweni, pafupi ndi geti. David anali atabwera kudzatenga chikwama chake cha zida, ndipo chinali kale paphewa. Anali atawonda m'masiku awiri okha, kapena mwina ndi maso a Ndaona amene ankaona choncho.

"Nambala 214," anaitana Bambo Kamwendo. "A David Sakala."

David anafuna kutuluka, koma amayi osoka anali atamuona. "Uyo apo! Bwera, mwana wathu!" Analibe pothawira. Anatsitsa chikwama, anavula kapusi, n'kuyenda pakati pa mabenchi amene anakhoma yekha. Iye sanamuyang'ane Ndaona ngakhale kamodzi.

"Chinali cha ndani?" anafunsa Bambo Kamwendo.

"Cha ambuya anga a Zipporah, atate." Mawu ake anali otsika, anthu anachita kutchera khutu. "Agogo aamuna anabwera kuchokera ku Katete alibe kanthu, bulangete chabe. Anali kugwira pansi pa mgodi. Pamene anaona ambuya, analibe chowapatsa. So anatola tumawaya twa kopa totayidwa, anatupota masabata atatu akaweruka, kumenya na hamala pa chitsulo cha njanji. Ndiye chinali chikole chawo. Ambuya anachivala zaka fifite thuu. Sanachivule posamba, sanachivule polima, olo kuchipatala anakana. Amama ndiye anachivula pa dzanja lawo tsiku lowasambika."

Ngakhale ana amene ankathamangitsana kuseri kwa tenti anaima.

"Nanga mwachiperekeranji?"

David anayang'ana pansi nthawi yaitali. Kapusi ija inkazungulira m'manja mwake.

"Chinasowa dzanja, atate."

Mawu amenewa anthu ambiri anawamva ngati chisoni cha mdzukulu. Ndaona yekha ndi amene anawamva monga analili. Munthu ameneyu ankakhulupirira kuti wachitidwa chipongwe pagulu, komabe sanamutchule dzina, sanamuchititse manyazi. Ankamuteteza pamene iye, ndi kiyi m'manja m'chipinda chopanda munthu, analephera kumuteteza.

Anavula chingwe cha makiyi pakhosi. Kiyi anaphonya bowo kawiri, ndipo kulira kwa loko kunamveka mpaka kubenchi yomaliza.

"Ndaona," anatero Bambo Kamwendo chapansipansi. "Lamulo ukulidziwa."

"Ndikulidziwa, ababa."

Anatulutsa chibangili chija, anadula ulusi wa nambala ndi mano, n'kuchilowetsa padzanja lake lamanzere. Chinali chozizira, ndipo chinamukwana. Kenako anagwada pamaso pa bambo ake, pasimenti ya pakhonde, n'kupereka makiyi ndi manja awiri.

"Ichi sichinaperekedwe kunyumba ino, ababa. Chinaperekedwa kwa ine. Ndi chikole, ndipo ndachilandira."

Mmodzi wa amayi osoka anayamba nthungululu, koma inathera pakhosi ataona nkhope ya Bambo Kamwendo. Bambowo anayang'ana mwana wawo, anayang'ana dzanja lake, n'kuyang'ana makiyi. Ndaona ankayembekeza mawu aukali, ndipo akanawalandira mosangalala. Koma iwo anangotenga makiyiwo, kuwaika m'thumba la jekete, n'kukweza pulogalamu pafupi ndi maso awo.

"Nambala 215," anawerenga. Mawu awo ananjenjemera, koma sanamuyang'anenso.

*

Ndaona anatsika pakhonde anthu akumupatukira. David anamutsatira mpaka pansi pa mtengo wa mango uja, ndipo atafika anangoima, misozi ikutsika osaipukuta.

"N'naganiza kuti wanitaya," anatero.

"Ndinali kumaliro, David. Kalata yako ndaiona lero. Ukanandifunsa m'malo mozimitsa foni."

"N'nachita mantha kumva na makutu zimene n'naona na maso." Anagwira dzanja lake mosamala ngati likhoza kusweka. "Manje nchito yako? Atate ako?"

"Madzi akatayika saoleka. Ndikalira mawa, lero ndisiye."

Anaseka pang'ono onse awiri, kuseka kwa anthu otopa. Zaka zinayi Ndaona anatsegula zitseko za nyumba imeneyo m'mawa uliwonse, ankadziwa nkhani ya chipewa chilichonse ndi chithunzi chilichonse, ndipo pakhosi pake tsopano pankamveka kupepuka kowawa. Komabe sanadandaule. Kwa nthawi yoyamba m'miyezi yambiri mtima wake unali pamalo amodzi.

Koma chakudza sichiimba ng'oma. Nkhope ya David inasintha mwadzidzidzi, ndipo anasiya dzanja lake. Ndaona anacheuka. Mayi wina wamtali, wovala chitenje chosita bwino ndi duku loyera, ankabwera kuchokera kubenchi yomaliza, akuyenda mosafulumira.

"Amama," anatero David, mawu ali ngati a mwana.

Mayiwo sanamuyang'ane. Anaima pamaso pa Ndaona, amene anapinda maondo mwaulemu.

"Ndiwe Ndaona? Ine ndine Sarah, mwana wa Zipporah. Dzulo anitumira foni ati nibwere nizaone chibangili cha amama mu galasi. N'nadabwa. N'nayenda kutsegula sutikesi yanga, n'napeza kansalu kokha." Anapuma pang'ono. "Naona zimene wachita apo, mwana wanga. Naona na zimene wataya. Sindine mwala, mtima wanga wawawa. Koma chinthu ichi chinatuluka m'nyumba mwanga monga mbala, popanda kulawira. Ndipo mwana wanga adziwa bwino kuti ise sitikwatira kunja kwa chikhulupiriro chathu. Anakuuza zimenezo?"

Ndaona anayang'ana David. David anayang'ana pansi.

"Sanakuuze," anatero Mayi Sarah. Anatambasula dzanja lawo, chikhatho chili m'mwamba. "Chikole chobedwa sichimanga banja. Vula, mwana wanga, unipatse. Sinizakamba zambiri."

Kupakhonde kuja mawu a Bambo Kamwendo ankamvekabe akuitana manambala, makiyi ali m'thumba mwawo. Gwen anali ataima pakhomo la khitchini, kapu ili m'manja. Ndaona anamva kopa uja atayamba kufunda padzanja lake. Anamuphimba ndi dzanja linalo, osati mwamwano, koma monga munthu amaphimbira bala.

"Amayi, ndakumvani, ndipo sindikukunyozani," anatero. "Koma amene anandipatsa ndi uyu. Akandiuza yekha kuti ndivule, ndivula."

Anatembenukira kwa David, misozi ili m'maso koma mawu osagwedera.

"Unati ndikachivala udzadziwa. Ndavala, David, pamaso pa bambo anga ndi anthu onsewa. Tsopano ndi nthawi yoti nanenso ndidziwe."

David anayang'ana chibangili chija, kenako anayang'ana mayi ake. Dzanja la mayi ake linali chitambasukire pakati pawo.